FUNSANI ABUSA: Bambo anga akukana kusamuka, akuti Mulungu sanawauze

Abusa, ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Nchalo komwe amuna anga amagwira ntchito m'minda ya mzimbe. Kwathu ndi ku Makhanga. Bambo anga ondibereka, omwenso ndi mkulu wa mpingo, akukanitsitsa kusamukira kumtunda. Madzi a mu 2015 anawagwetsera nyumba, anamanga ina. Namondwe wa Freddy anagwetsanso imeneyo, ndipo anachezera mumtengo ali ndi mwana wa malemu mchemwali wanga amene amakhala naye. Madzi ataphwa anabwerera pamalo pomwepo. Amayi anatisiya kale, manda awo ali komweko. Ndikayamba nkhani yosamuka amangoti, "Mulungu akafuna kuti ndichoke adzandiuza yekha, pakali pano sanandiuze." Ine ndakhala ndikusala kudya, kupemphera kuti awasinthe mtima, koma palibe chikusuntha. Mnzanga wina ananditengera kwa mneneri amene anati bambo anamangidwa ndi mizimu ya kumanda, ndipo ndibzale mbewu ya K80,000 kuti andionere chifuniro cha Mulungu pa banja lathu. Ndalamayo ndilibe. Ndiwapempherere bwanji bambo? Nanga poti tonse ndife opemphera koma tikutsutsana, wolondola ndani?
Mayi wodandaula, Nchalo

Mayi, tiyambe ndi ndalamayo kuti ichoke panjira. Musakongole, musagulitse mbuzi, musapereke. Simoni wa ku Samariya atatulutsa ndalama kuti agule mphamvu ya Mzimu, Petro anamuuza kuti ndalama zakezo zitayike naye limodzi. Werengani Machitidwe 8. Ngati wofuna kugula anadzudzulidwa choncho, wogulitsa ndiye anenedwa bwanji? Komanso mayi anu amene anagona m'manda aja sakumanga munthu aliyense. Chikuwagwira bambo pamenepo ndi chikondi ndi chisoni, ndipo zimenezo si ziwanda zoti zitulutsidwe.

Tsono za bambo anuwo. Ndikupempheni musawaone ngati munthu wosaganiza. Anthu a ku Blantyre ndi ku Lilongwe akamaonera pa wailesi ya kanema anzathu akupulumutsidwa pa mabwato amakonda kufunsa kuti, kodi anthu amenewa bwanji osangochokako? Ofunsa choncho sanaonepo dimba la ku Makhanga madzi ataphwa. Matope amene mtsinje wasiya aja ndi feteleza wosagula. Chimanga chimabiriwira mu Ogasiti pamene kumtunda kuli fumbi lokhalokha, mbatata ndi nyemba zili pomwepo, milamba m'dambomo. Kumtunda kumene akuuzidwa kuti apite, malo ali ndi eni ake, munda ndi wochita kubwereka ndi ndalama, mjigo uli kutali. Munthu wamkulu ngati bambo anu sangauze mwana wake wamkazi kuti ndikuopa kukakhala wopemphetsa pamudzi pa eni. Mawu oti "Mulungu sanandiuze" ndi opepuka kuwatchula, ndipo amatseka pakamwa pa aliyense, chifukwa ndani angatsutsane ndi Mulungu? Sindikunena kuti akunama. Akukhulupiriradi. Koma pansi pa mawuwo pali mantha amene simunawafunsepo.

Pamene ndikusiyana nawo bambo anuwo ndi pa funso loti Mulungu amauza munthu motani. Iwo akudikira mawu, kapena maloto, kapena mlendo wodzawaloza chala. Tsegulani Machitidwe 27. Paulo ali m'ngalawa, wandende, akupita naye ku Roma. Chenjezo lake loyamba, loti ulendowu ukhala ndi chiwonongeko, Luka akulilumikiza ndi chinthu chodziwika kwa aliyense woyenda panyanja: nyengo ya kusala kudya inali itapita kale, miyezi ya namondwe itayandikira. Pamenepo sipanatchulidwe mngelo. Mngelo anabwera pambuyo, atakana kumvera, ali kale pakati pa mkuntho, katundu atatayidwa m'madzi. Anthu 276 anapulumuka inde, koma ena pa matabwa, ena pa zidutswa za ngalawa, ndipo ngalawayo inatheratu. Paulo yemwe ankalankhula ndi Mulungu sanachite manyazi kuwerenga nyengo.

Ife a kuchigwa nyengo yathu timaidziwa. Ruo amachokera ku phiri la Mulanje. Mvula ikagwa yambiri ku Mulanje ndi ku Thyolo, madzi onsewo amatsika ndi liwiro n'kudzakumana ndi Shire cha ku Chiromo. Ruo akadzaza amatchinga Shire, Shire n'kubwerera m'mbuyo kudzaza dambo, ndipo Makhanga ali pakati pa mitsinje iwiriyi. N'chifukwa chake munthu amatha kugona kunja kuli nyenyezi, n'kudzidzimuka mphasa ikuyandama. Njanji ya pakati pa Bangula ndi Makhanga inadulidwa ndi madzi mu 1997. Mu Januwale 2015 boma linalengeza kuti maboma 15 ali pa ngozi, Nsanje ndi Chikwawa ali patsogolo. Kunabwera namondwe wa Idai mu Malichi 2019, Ana mu Januwale 2022, Freddy mu Malichi 2023. Mitsinje yadzaza mchenga chifukwa mitengo ya kumapiri inatha, tsono madzi amene kale ankadutsa m'khwawa lero amasefukira msanga. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Ine ndikamawerenga zaka zimenezi sindingathe kunena kuti Mulungu wakhala chete. Miyambo 22:3 ikuti wochenjera amaona choipa n'kubisala, koma achibwana amangopitirira n'kulangidwa nacho. Ndipo Satana atauza Yesu kuti adziponye pansi kuchokera pamwamba pa Kachisi poti angelo amugwira, Yesu anayankha kuti usamuyese Ambuye Mulungu wako.

Mtsinje susankha wopemphera. Pafupi ndi kwanuko, pamene Ruo amathira mu Shire, ndi pomwe anafera bishopu Charles Mackenzie pa 31 Januwale 1862. Anatsika kuchokera ku Magomero nthawi ya dzinja kuti akakumane ndi sitima ya Livingstone, bwato linagubuduka, mankhwala a malungo anapita ndi madzi, malungo anamugwira ali chimanjamanja. Anali munthu wa pemphero kuposa ine ndi inu.

Komabe, Mayi, musathamange ndi nyuzi ino kukawauza bambo kuti Abusa anena kuti wolondola ndine. Sindinatero. Deuteronomo 29:29 ikugawa zinthu pawiri: zobisika ndi za Yehova, zowululidwa ndi zathu ndi ana athu. Ngati madzi adzabwera chaka chino kapena ayi, ndi zobisika. Ngati bambo adzakhale bwino kumtunda kapena adzafota ndi chisoni, ndi zobisika, ndipo aliyense wokuuzani kuti akuziona akukunamizani. Zowululidwa ndi izi: moyo ndi wa Mulungu, sitiuseweretsa, mwana wamasiye ndi wofunika kumuteteza, bambo ndi woyenera ulemu. Zitatu zimenezi zigwireni pamodzi, musataye chimodzi. Ndipo nkhaniyi siyofunika kuti ithere pa kusamuka kapena kusasamuka basi. Mabanja angapo amene ndikuwadziwa kutsidyako anamanga kanyumba kumtunda kogonamo kuyambira Disembala mpaka madzi ataphwa, dimba osalisiya, manda osawasiya. Bambo amene akukana mawu oti "kusamuka" akhoza kulola mawu oti "kukagona kumtunda dzinja lino." Za mwana wa mchemwali wanu ndiye musadikire yankho la pemphero. Kambiranani ndi amuna anu, mumutenge mvula isanayambe. Sukulu zilipo ku Nchalo.

Tsopano funso lanu lenileni, la kapempheredwe.

Mwati mukupemphera kuti Mulungu awasinthe mtima. Si tchimo. Koma tamverani bwino pemphero lanulo: mwasankha kale yankho, mwasankha ndi njira yake, Mulungu mwangomupatsa ntchito yokakamiza bambo kuti avomere zimene inu mwaganiza. Ambirife timapempherera abale athu motero, ndipo zikapanda kuchitika timati Mulungu sanamve. Kunali mayi wina kumpoto kwa Africa dzina lake Monica, kwawo ku Thagaste, m'dziko limene lero ndi Algeria. Mwana wake Augustine anali wanzeru koma wotayika, wokana chikhulupiriro cha mayi ake. Mu 383 mnyamatayo anaganiza zochoka ku Carthage kupita ku Roma. Monica anamutsatira mpaka kudoko, akulira, akupempha Mulungu kuti ngalawa isamutenge, poganiza kuti akapita kutali ndiye watayikiratu. Augustine anawanamiza mayi ake kuti akungoperekeza mnzake, usiku n'kukwera ngalawa, mayi ali m'kachalichi pafupi ndi doko. Pemphero la usiku umenewo linakanidwa. Koma ulendo womwewo ndi umene unamufikitsa ku Milan, kwa bishopu Ambrose, amene anamubatiza pa Pasaka wa mu 387, Monica adakali moyo. Augustine mwini wake anadzanena pambuyo pake kuti Mulungu anakana chimene mayi ake anapempha usiku uja kuti awapatse chimene ankapempha masiku onse.

Ndiye dzifunseni kuti chimene mukufunadi n'chiyani. Ndikhulupirira si kuti bambo akhale pamalo akutiakuti. Mukufuna akhale ndi moyo, asadzamire, asafe ndi njala, mtima wawo ukhazikike pa za amayi. Pemphererani zimenezo, mwatchutchutchu, mowatchula dzina, monga mmene Abrahamu anaumirira pa za Sodomu kuyambira pa anthu 50 mpaka kutsika pa 10. Njira yake musiyireni mwini wake. Muonjezepo pempho limodzi limene ambiri timalidumpha: kuti Mulungu akuonetseni inuyo chimene simukuchiona pa bambo anu. Yakobo 1:5 akuti wosowa nzeru apemphe, ndipo sananene kuti apemphere mnzake yekha.

Musaleke chifukwa choti simukuona kusintha. Yesu anauza Petro kuti ndakupempherera kuti chikhulupiriro chako chisafe, ndipo usiku womwewo Petro anamukana katatu. Pemphero la Yesu silinamutchingire kugwa, linamusungira njira yobwerera. Samueli, anthu atakana malangizo ake n'kuumirira mfumu, anati kungakhale kuchimwira Yehova iye ataleka kuwapempherera. Pa mpingo wina umene ndinatumikirapo cha ku Ngabu panali gogo wina wa Mvano amene ankasunga kope la ana a sukulu, la mizere, lolembamo mayina a anthu amene ankawapempherera. Kopelo linanyowapo ndi madzi, masamba anafufuma n'kuuma mokwinyika, inki inayenderera moti mayina ena ankangowadziwa pamtima. Ankalimanga ndi kansalu. Dzina silinkafufutidwa munthu akachira kapena akalapa, gogoyo ankangoika kamtanda pambali n'kupitiriza kulitchula. Panali mayina a anthu amene sankalankhulana naye n'komwe. Nditamufunsa kuti amawapempha chiyani anthu onsewa, anati, "Abusa, ine ndimangowatchula, mwini wake akuwadziwa."

Chomaliza ndi cha pamudzi. Mwana wamkazi kuuza bambo ake chochita, ngakhale atakhala wolondola, kwathu kuno sizilowa bwino m'khutu. Pitani kwa abusa a mpingo wawo ndi akulu anzawo awiri kapena atatu amene amawalemekeza, ndi abale awo aamuna ngati alipo, muwafotokozere. Mawu omwewo akatuluka pakamwa pa mnzawo wa msinkhu umodzi amalemera mosiyana. Inuyo mukapita kukawaona, musayambe ndi kusamuka. Afunseni kuti, "Bambo, kumtundako chimene chikukuvutani n'chiyani?" kenako mukhale chete, ayankhe. Mukamapemphera nawo madzulo musawalalikire kudzera m'pemphero, zija zoti "Ambuye tsegulani maso a bambo." Amamva, ndipo amaumirapo. Apempheni iwo atsogolere, muwapemphe kuti apempherere mdzukulu wawo uja ndi dzinja likubwerali. Ndipo onetsetsani kuti ali ndi wailesi yamoyo ndi foni yokhala ndi moto, kuti a zanyengo akachenjeza amve nthawi yabwino.

*

Abusa, ndine mnyamata wa zaka 23. Thonje silikutipindulira, ndipo msuweni wanga amene ali ku Joni akuti ndipite, andipezera ntchito. Amayi ndi okalamba, ndine mwana wamwamuna ndekha. Ndinapemphera n'kutsegula Baibulo nditatsinzina, chala chinagwera pa Genesis 12 pamene Abramu akuuzidwa kuti atuluke m'dziko lake. Ndinasangalala. Mawa lake ndinati nditsimikize, chinagwera pa Yeremiya 42 pamene akuti mukakhala m'dziko lino ndidzakumangani, musapite ku Igupto. Ndasokonezeka. Mulungu akuti chiyani?
Wosokonezeka, Ngabu

Mwana wanga, ndaseka pang'ono, undikhululukire. Ukanayesa kachitatu mwina chala chikanagwera pa mndandanda wa mayina a ana a Esau. Zimene wachitazo ndi maula, kungoti m'malo mwa zipangizo za sing'anga wagwiritsa ntchito Baibulo. Mawu a pa Genesis 12 ankapita kwa Abramu. A pa Yeremiya 42 ankapita kwa Ayuda otsala, Yerusalemu atawonongedwa ndi Ababulo. Mawu onsewo ali ndi phunziro kwa iwe, koma phunzirolo limapezeka powerenga mutu wonse uli maso, osati potsinzina.

Achinyamata ambiri amanditchulira Gideoni ndi ubweya wake wa nkhosa. Werenga bwino Oweruza 6. Gideoni anali atauzidwa kale chochita, momveka. Ubweya uja unali mantha ake, ndipo iye mwini kachiwiriko anayamba n'kupepesa kuti Mulungu asamukwiyire. Mulungu anamulezera mtima, koma sanatilamule kuti tizitero.

Ona mmene Paulo anapezera njira pa Machitidwe 16. Anafuna kulalikira ku Asiya, analetsedwa. Anayesa ku Bituniya, sizinatheke. Anatsikira ku Trowa, ndipo kumeneko ndi komwe anaona masomphenya a munthu wa ku Makedoniya. Sanakhale pansi pa mtengo kudikira chizindikiro, ankayenda ndi nzeru zimene anali nazo, makomo ena n'kumatsekeka.

Ndiye mafunso awa uwayankhe iweyo, maso ali otsegula. Pasipoti uli nayo, kapena ukuganiza zodutsa njira zamadulira, kubisala m'malole? Ngati ulendo ukuyamba ndi bodza ndi ziphuphu pachipata, usavutike kufunsa ngati ndi chifuniro cha Mulungu, yankho linalembedwa kale. Ntchito imene msuweni akunenayo ndi yanji, ndipo iye mwini amatumiza kangati kwawo? Funsa mayi ake, osati iyeyo. Ukudziwa kuti mu 2008 ndi mu 2015 alendo anathamangitsidwa ndi kumenyedwa kumeneko, Amalawi ambiri n'kubwerera pa mabasi ali ndi chikwama chokha? Amayi adzawalimira ndani, adzawaperekeza ndani kuchipatala? Wakhala nawo pansi n'kuwafunsa maganizo awo? 1 Timoteo 5:8 amalankhula mwamphamvu za munthu wosasamalira a pabanja pake, ndipo vesi imeneyo ingakutume ku Joni kukawapezera chakudya, ingathenso kukusunga ku Ngabu. Zimatengera mayankho ako.

Zonsezi zikakhala bwino, mapepala ali m'manja, amayi avomera ndipo pali wowayang'anira, pita ndi mtima woyera. Ukasankha kukhala n'kuyesa ulimi wothirira kapena geni ya mbuzi pamsika wa pa Ngabu, khala ndi mtima woyeranso. Sikuti Mulungu anabisa njira imodzi yokha n'kumakuonerera kuti aone ngati uiphonye. Yakobo 4 sakuletsa munthu kunena kuti ndipita kumzinda wakuti kukachita malonda, akungoti uzinena kuti Ambuye akalola. Uwapemphe abusa ako ndi amayi akupempherere, iwenso uziwapempherera msuweni wakoyo, chifukwa moyo wa kumeneko si wa pa zithunzi za pa Facebook.

*

Abusa, m'gulu lathu la amayi timapemphererana Lachinayi lililonse. Koma pali amayi ena amene popereka mutu wa pemphero amafotokoza zonse: wakuti amuna ake akuyenda ndi wakuti, mwana wa uje wayamba kumwa ma ARV. Pofika Loweruka msika wonse wadziwa. Ndikalankhula akuti ndikuletsa ntchito ya Mulungu.
Mayi wa Mvano, Bangula

Mayi, simukuletsa ntchito ya Mulungu, mukuletsa miseche yovala yunifolomu. Yesu anati Atate wanu amadziwa zimene mukusowa musanapemphe. Ngati akudziwa, tsatanetsataneyo akufotokozeredwa ndani? Amene nkhani ndi yake ndiye ali ndi ufulu woibweretsa pagulu. Akapanda kutero, "tipempherere banja lina limene lili m'mavuto" n'zokwanira, ngakhale dzina osatchula. Za matenda ndiye samalani kwambiri: kuulula za HIV za munthu popanda chilolezo chake ndi kuphwanya lamulo la dziko lino, ndipo anthu ena amasiya kukalandira mankhwala chifukwa cha manyazi obwera ndi pakamwa potere.

Musakangane nawo pagulu. Kaonaneni ndi amayi a pampando paokha, kapena amayi busa, muwapemphe kuti gulu ligwirizane lamulo limodzi: nkhani ya munthu imene mwini wake sanalole isatchulidwe. Ndipo mwana uja amene zake zinafika pamsika, wina mwa inu apite akapepese kwa mayi ake sabata ino.